Mkodzo Woyera wa Alongo Anga

Tadala, taika kaye licherolo pansi, mtedza suthawa. Mawu amene wanena posachedwapa andibaya. Wati kuchipatala kumene ukuphunzira unamwinoko kuli mayi wina amene amangobwerabwera ndi vuto lomwelomwelo la kumalo obisika, mwamubaya majakisoni koma sachira, ndiye kuti ndi woyendayenda basi. Wanena mopepuka ngati ukutchula mtengo wa tomato pamsika wa Mitundu. Iwe Mphatso usaseke, ndipo foni yakoyo ilowe m'thumba. Sendezani mphasa kuno kumthunzi. Ndikufuna ndikuuzeni za agogo anu aNambewe, alongo anga, omwe aja mumawaopa mukapita ku Nathenje chifukwa salankhulalankhula. Simudafunsepo chifukwa chake amakhala okha, ndipo ine sindidanenepo.

Ana inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokonda wailesi ndi tiyi wa shuga wambiri. Mumamva anthu akunditchula kuti adokotala, n'kumaganiza kuti ndinkayendera odwala m'mawodi. Ayi ndithu. Udokotala wanga ndi wa mabuku, ndipo moyo wanga wonse ndidauthera m'mikodzo ya anthu. Sekani, ndakulolani. Agogo anu aakazi ali kukhitchiniwo adatsala pang'ono kundikana atadziwa zimene ndinkanyamula m'chikwama pokawaona. Ntchito yanga idali kafukufuku wa likodzo, ndi mmene thupi la munthu limalimbanirana nalo.

Likodzo ndidakula nalo osalidziwa dzina. Masiku ano mumasamba madzi a pampopi, ena a inu mumachita kufuna otentha. Ife bafa lathu lidali mtsinje. Tikapita kobusa, dzuwa likafika pamutu tinkasiya mbuzi kudambo n'kukadziponya padziwe. Tikatopa tinkawotcha mbatata kapena mbewa zimene takumba, kenako tinkaima mzere pachulu kutaya madzi. Apa ndiye padali mpikisano. Mnyamata amene mkodzo wake unkathera ndi madontho ofiira ankayenda chotukula mapewa, chifukwa tinkati ameneyo wakula, wasanduka mwamuna. Ine ndidachedwa kuyamba, moti ndinkabwerera kunyumba ndili ndwii, kudandaula kuti mwina ndidzakhala mwana mpaka kalekale. Tsiku limene ndidaona kufiira koyamba ndidasangalala kuposa tsiku limene ndidalandira digiri.

Chakumunsi kwa dziwe lomwelo n'kumene kunkapezeka alongo anga. Iwo ndi aakulu kwa ine, ndipo mayi athu atayamba kudwaladwala ndi iwo amene adandilera. Sukulu adailekezera panjira kuti ine ndipitirize. M'mamawa ankalowa m'madzi kutunga, masana kuchapa ndi kutsuka miphika, madzulo kuthirira dimba la mpiru ndi tomato. Mapampu oponda ndi mapazi kudalibe nthawi imeneyo. Munthu unkalowa m'madzi mpaka m'mawondo, kumiza ndowa, kutuluka, kubwereranso, mpaka dimba lonse litanyowa. Tomato ameneyo ankamusenza kupita naye kumsewu waukulu kukadikira mabasi, ndipo ndi amene adandiveka nsapato zanga zoyamba.

Ndili ku sekondale kudabwera a zaumoyo kudzatiyeza. Adatipatsa timabotolo, ndipo ine pokhala wachidwi ndidamukakamira bambo woyezayo mpaka adandilola kusuzumira pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Ndidaona kanthu konga njere ya nkhaka, kokhala ndi kaminga kumapeto. Kenako kena, kena, mbwee. Bamboyo adati, "Amenewa ndi mazira, mnyamata. Makolo ake ndi tinyongolotsi, tili m'mitsempha yako ya magazi pafupi ndi chikhodzodzo. Tidakulowa pakhungu uku ukusambira, kuchokera mu nkhono za m'madzi." Uchamuna wonse uja tinkanyadira pachulu udali nyongolotsi zikuikira mazira mwa ife. Tsiku limenelo sindidadye, ndipo kuyambira pamenepo sindidafunenso ntchito ina.

Za kuyunivesite ndi za kudziko lozizira kuja mudazimva mpaka mudatopa nazo, makamaka nkhani ya jekete lobwereka limene linkandifika m'akakolo. Sindibwereza, Mphatso, usachite kugwetsa nkhope. Ndingokuuzani chimodzi chimene chidandidabwitsa kumeneko. Ndidapeza azungu akuweta nkhono za kuno m'zipinda zotenthetsa, kuzidyetsa letesi ndi kuzisamala ngati ana akhanda, pamene ine ndinkagona ndi masokosi awiri. Ambiri mwa iwo adali asadaonepo mwana wokodza magazi. Ine ndidali nditakhalapo mwana ameneyo, ndiye ndinkadziona ngati ndikudziwa matendawa mkati ndi kunja.

Chimene ndidabwera nacho kuchokera kumeneko ndi funso limodzi. Ana asukulu ukawayeza umapeza mazira ambirimbiri. Akuluakulu a m'mudzi womwewo, olowa m'madzi omwewo, umawapeza ndi ochepa kapena osapeza n'komwe. Chimachitika n'chiyani? Ife tinkakhulupirira kuti thupi limaphunzira. Asilikali a m'thupi, amene kusukulu kwanu mumati chitetezo, akalimbana ndi mdani zaka zambiri amayamba kumuzindikira msanga. Ndiye tinkapereka mankhwala kwa onse opezeka ndi mazira m'mudzi, kudikira mvula igwe n'kutha, kenako kubweranso kudzaona amene likodzo lawagwiranso ndi amene lawalephera. Tinkaganiza kuti tikawamvetsa bwino olimbawo, mwina tsiku lina kudzapezeka katemera.

Ntchito yaikulu tinkaigwira m'midzi ya kuno ku Mitundu mpaka cha ku Malingunde, ndi kwathu ku Nathenje. Tadala, ukadaona zida zathu ukadasiya sukulu. Maikulosikopu yanga yoyamba sinkafuna magetsi. Idali ndi kagalasi kotapira kuwala kwa dzuwa, moti mtambo ukadutsa ntchito inkaima. Magazi tinkawalekanitsa ndi kamakina kopukusa ndi dzanja, mpaka mkono wanga wamanja udakula kuposa wamanzere. Mvula ikagwa galimoto inkatitimira, ndiye tinkamangirira katundu panjinga n'kumakankha m'matope, m'chikwama muli chigumu ndi botolo la thobwa limene ndinkalimanga kansalu kofiira kuti lisasokonezeke ndi mabotolo enawo. Mkodzo tinkatenga dzuwa lili paliwombo, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Nkhono tinkazivuula ndi sefa yomangirira kundodo, n'kuziika padzuwa m'timakapu kudikira kuti zilavule tizilombo. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene adapeka mwambiwu ayenera kuti adagwirapo ntchito yathu.

Si midzi yonse inkatilandira ndi manja awiri. Kwina ankati ndife opopa magazi, ndipo tsiku lina tidathawa m'mudzi wina wa m'munsi mwa Dzalanyama miyala ikutilondola. Ndiye ndikafika kwathu, munthu woyamba kutambasula mkono ndi kulandira kabotolo ankakhala alongo anga, ena aone kuti palibe choopsa. Chaka ndi chaka ankatero osatopa.

Ndipo chaka ndi chaka mkodzo wawo unkatuluka woyera, wopanda dzira ngakhale limodzi, chonsecho munthu wake wokhalira m'madzi. Magazi awo ankaonetsa asilikali ochuluka kuposa a wina aliyense amene ndidamuyezapo. Ndinkanyadira kwambiri. Kumisonkhano ya akatswiri dzina ndinkabisa, koma ndinkasimba za mayi wina wa kwathu amene thupi lake lidagonjetsa likodzo, ndipo anthu ankalemba m'makope. Kwa eni ake ndinkati, "Alongo, thupi lanu ndi linga. Anthu onse akadakhala ngati inu, ine ntchito ikadandithera." Iwo ankandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Wayang'ana bwinobwino, Yona?" Ndikati eya, ankangoti, "Chabwino," n'kunyamula ndowa yawo.

Amuna awo adali aChisale, mkamwini wochokera m'mudzi wina wa kuno ku Mitundu. Munthu wofatsa, mlimi wa fodya, wosamwa mowa, woimba besi m'kwaya. Adabereka mwana mmodzi, aEsinati aja ali ku Salima, kenako mimba zinkangopita padera mpaka zidalekeratu. Ndinkaona kuti pakhomo paja padazizira. Alamu ankadyera chakumbali, mawu adali a moni basi. Koma ana inu mumvetse mmene tinkakhalira. Masiku ano mchimwene ndi mchemwali wake amatumizirana zilizonse pafoni, inu awirinu ndimakumvani mukunong'onezana za zibwenzi. Kwathu mlongo wako sunkakhala naye pamphasa imodzi, za m'nyumba mwake sunkafunsa, ndipo za thupi lake kuyambira m'chiuno kupita pansi zidali zosatchulika pamaso pako. Amalume athu atamwalira, unkhoswe wa banja la alongo anga udagwera ine. Ankhoswe sayambitsa nkhani, amadikira kuti nkhaniyo iwapeze.

Idandipeza Loweruka lina titangomaliza kukolola, pakhonde lino. Adabwera aKamwendo, amalume awo a aChisale, omwe adali ankhoswe a kuchimuna. Atakana tiyi ndidadziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Ankhoswe anzanga," adatero, "mwana wathu watopa. Tabwera kudzapempha tsiku loti tikhale pansi, awasudzule alongo anu."

"Alakwa chiyani?"

"Nkhani yake ndi yolemera kuinena kwa inu. Zaka zingapo tsopano alongo anu akudwala matenda aja a anthu oyenda. Akapita kuchipatala amauzidwa kuti akabwere ndi amuna awo, akabayidwe onse. Mwana wathu wabayidwa mpaka matako atopa, anamwino akumukalipira pagulu kuti azikhala pansi. Iye alibe chilonda, alibe ululu, ndipo walumbira kuti sadziwa mkazi wina. Akabayidwa onse, pakapita miyezi matenda abweranso, kwa mkazi yekha. Nanga akuwatenga kuti?"

Kumbukirani kuti zidali zaka zimene Edzi inkatha anthu, maliro tsiku ndi tsiku, ndipo kumutchula munthu kuti woyendayenda kudali kumukumbira manda ali moyo. AKamwendo adandiuzanso kuti nkhani idafika kale kutchalitchi, alongo anga adaimitsidwa mgonero, ndipo kumtsinje amayi anzawo ankasamukira pamwala wina akawaona akubwera ndi zochapa. Mudzi wonse unkadziwa kupatula ine, katswiri wowayeza chaka ndi chaka. Ndidapsa mtima, koma woti ndimupsere sindinkamudziwa. Ndidapempha kuti atipatse mwezi umodzi.

Sabata yomweyo ndidakumana ndi aChisale pamsika, akugula tayala la njinga. Ndidawakokera kuseri kwa ogulitsa nzimbe ndili ndi mawu akuthwa pakamwa, poti ine ndidali nditagamula kale kuti woyenda ndi iwowo. Ndidawafunsa kuti andiuze zoona ngati mwamuna mnzawo. Adandiyang'ana m'maso osaphethira.

"Alamu, ndikadakhala kuti ndidayenda, bwenzi mtima wanga uli m'malo, chifukwa bwenzi ndikudziwa kumene zachokera. Alongo anu ndimawakonda. Koma mwaona mmene tikuikira anthu. Ndikuopa kufa, ndipo ndikuopa kuti Esinati atsala yekha."

Ndidawasiya akupita ndi tayala lawo paphewa. Munthu ameneyo sankanama, ndipo alongo anga ndinkawadziwa kuti sangachite zimene ankanenedwazo.

Akazi anga, agogo anuwa, ndi amene adakwera njinga kupita ku Nathenje, poti mlamu ndi mlamu amauzana. Adabwerako maso ali ofiira. Adandiuza mozungulira: kupweteka m'chinena, magazi osakhala a kumwezi, ululu akakhala malo amodzi ndi amuna awo, ndipo zonsezi zidayamba kalekale Esinati ali kumsana. Adawonjezanso china. Alongo anga nawonso ankakhulupirira kuti aChisale ndi amene amayenda akapita kogulitsa fodya ku Lilongwe, poti kuchipatala adamva kuti matenda oterewa amabwera ndi abambo. Anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akudziwa kuti iye sadalakwe, ndiye wolakwa ayenera kukhala mnzakeyo.

Ife tidaopa khansa. Agogo anu adawatengera kuchipatala chachikulu mumzinda, kwa dokotala wina wachizimayi amene ndinkadziwana naye pantchito. Iye adatapa kanyama kakang'ono pakhomo la chiberekero n'kukatumiza ku labotale. Patapita masabata adandiitana.

"AMbewe, ndawafunsa alongo anu ngati ndingakuonetseni ichi, avomera," adatero. "Khansa palibe. Koma tabwerani muone anzanu."

Ndidaika diso. Ana inu, ndaona zinthu zambiri pagalasi, koma zonga za tsiku limenelo ndidali ndisadazionepo. Adali mazira. Njere za nkhaka zomwe zija, kaminga kumapeto, atadzaza m'mnofu wa alongo anga, ena atsopano, ena akale atauma gwa. Dzira lililonse lidali litazingidwa ndi asilikali a m'thupi, mzere pamwamba pa mzere, atalimangira mpanda. Mazira amene ine ndinkawasaka mumkodzo sankafika n'komwe kumkodzoko. Ankakodwa m'njira ya amayi, thupi n'kumalimbana nawo pomwepo, ndipo nkhondo imeneyo ndi imene inkasiya zilonda, zipsera ndi magazi. Chitetezo chimene ndinkachitamanda kumisonkhano n'chomwe chinkawapweteka. Ndidatsika pampando n'kukhala pasimenti, tayi ali m'khosi.

Ndidafunsa ngati zoterezi zidaonekapo kwina. Dokotalayo adati, "Zidalembedwa kalekale, mizere ingapo m'mabuku akale. Koma ayang'ane ndani? Inu a likodzo mumathera pamkodzo, ife a matenda a amayi timathamangira chindoko ndi chizonono. Mayi amagwera pakati." Nditafika kunyumba agogo anu adandiuza mawu amene alongo anga adanena atakhala pabenchi yachipatala. Akuti, "Yona sindikadamuuza, ndi mlongo wanga. Ndinkangomupatsa kabotolo kuti mwina aona yekha." Mpaka lero mawu amenewa akandibwerera tiyi amandiwawa m'kamwa.

Zaka zanga zotsala zonse ndidazithera pa likodzo la amayi, pamodzi ndi madokotala ndi anamwino achizimayi, ndipo tidawapeza ambiri zedi, ena atathamangitsidwa kale kuukwati. Mankhwala ake ndi mapiritsi omwa tsiku limodzi. Amapha nyongolotsi, koma zipsera zakale sachotsa. Alongo anga adamwa, ululu udachepa, koma chiberekero chidali chitawonongeka kale. Ndiye Tadala, wodwala wako uja akabweranso, usadakoke jakisoni umufunse kumene amachapa ndi kumene adakulira. Sindikuti ndi likodzo, sindidamuone. Ndikuti funsa. Likodzo silichokera pamphasa, limachokera m'madzi. Ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti tinyongolotsi take timakhala tiwiritiwiri, kamuna katakumbatira kakazi zaka ndi zaka osasiyana. Tokha tikusunga ukwati, uku tikupasula wa mwini thupi.

Tibwerere kunkhani. Yankho ndidali nalo tsopano, koma ndidagwira njakata. Ankhoswe a kuchikazi ndidali ine, wodziwa kufotokoza ndidalinso ine, ndipo mawu ake adali omwe aja mlongo satchula. Ndikadangonena kuti achipatala apeza kuti palibe mlandu, aKamwendo akadati abale akubisirana. Alongo anga atalola, ndidabwereka kagalasi kaja kokhala ndi kanyama. Tsiku la mlandu ndidakulunga maikulosikopu yanga yakale m'bulangete n'kuimangirira panjinga. Tidadzera njira yachidule yafumbi, agogo anu ali pambuyo panjinga yawo, kundikalipira kuti ndichepetse liwiro ndingaswe umboni.

Tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya alongo anga. Abambo pamipando ndi pazitsa, amayi pamphasa chapatali, alongo anga atafunda chitenje kumutu. AChisale adawerama kuyang'ana zala za kumapazi. AKamwendo adabwereza zonse zija, ndipo atamaliza adati, "Ankhoswe anzathu, tamva kuti muli ndi mawu."

Ndidayamba chozungulira, za mtsinje, za nkhono, za mkodzo wofiira wa anyamata. AKamwendo adandidula.

"Likodzo timalidziwa, tonse tidakodzapo magazi. Ndi matenda a ana obusa. Nanga nkhono ilowa bwanji m'nyumba ya anthu okwatirana? Musatiphimbe m'maso ndi sukulu, aMbewe. Chibale ndi fupa, tikudziwa, koma nenani zoona."

Apo ndidaona kuti kuzungulira kundigwetsa pamlandu. Ndidaimirira n'kutchula zonse ndi maina ake: pamene mazira amakodwa, chimene amachita pamenepo, chifukwa chimene magazi amatulukira mwamuna akayandikira. Ndidazinena pamaso pa mlongo wanga, m'Chichewa cha kwathu chosabisa. Amayi adagwira pakamwa, ena adatembenuka kuyang'ana kumunda. Azakhali athu okalamba adadzuka ndi ndodo yawo n'kunena kuti ndalaula mudzi, ndilipa nkhuku. Ndidati ndilipa, ndipo ndidalipadi tambala wamkulu, koma ayambe aona kaye.

Ndidazondotsa mtondo, kuika maikulosikopu pamwamba pake, n'kutembenuza kagalasi kuti katape dzuwa. Poyamba ndidawaonetsa mazira a mumkodzo amene ndidabwera nawo, kuti adziwe maonekedwe ake. Kenako ndidaika kanyama kaja. AKamwendo adavutika kutsinzina diso limodzi, koma ataona adadzuka pang'onopang'ono n'kuvula chipewa. AChisale adagwada pamtondopo nthawi yaitali. Kenako adayenda ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa mphasa ya amayi, bambo wamkulu, misozi ili chuchuchu.

"Mayi a Esinati, ndidakulakwirani. Ndilibe poyambira. Ndikhululukireni."

AKamwendo adatsokomola n'kuti, "Chatsitsa dzaye tachiona. Palibe adayenda, wolakwa ndi mtsinje. Mawu athu aja tawabweza, banja lipitirire." Mayi wina adayamba kululutira. Ine mtima udakhala pansi, ndipo ndidadzimva kuti sukulu yanga yagwira ntchito tsopano.

Alongo anga adachotsa chitenje kumutu. Maso awo adali ouma.

"Ndilankhuleko," adatero. "Bambo a Esinati, nanenso ndinkakuganizirani zoipa, ndipo pa chimenecho pepani. Koma ine ndinkakuganizirani ndili chete. Ndinkakuphikirani, ndinkakuchapirani, dzina lanu sindidapite nalo kwa munthu. Inu langa mudapita nalo kwa amalume anu, kwa akulu a mpingo, mpaka kwa anzanu kuzigafa za fodya. Ndidakugwadirani m'nyumba umo, kulumbira pa mwana wathu ndi pa manda a mayi anga kuti sindidziwa mwamuna wina. Zaka zonsezi simudandimve. Lero mwasuzumira pa kagalasi ka Yona kanthawi kochepa, mwakhulupirira. Ndayamika kuti dzina langa layera. Koma kugona m'nyumba imodzi ndi munthu amene amamvera galasi kuposa ine, sindingathe. Mudabwera kudzandisudzula. Ndisudzuleni."

Wolulutira uja adalekezera pakhosi. Azakhali adayesa kuwanyengerera, agogo anu adayesa, aKamwendo adachita kuwomba m'manja mopepesa, chinthu chimene ndidali ndisadawaonepo akuchitira munthu wamkazi. Alongo anga adangopukusa mutu. Kenako onse adatembenukira kwa ine, poti mawu omaliza a kuchikazi ndi a ankhoswe. Ndidadzidzimuka kuposa tsiku la ku labotale. Ndidapalasa njinga ulendo wonse uja kudzapulumutsa banja, ndidaphwanya mwambo pamaso pa mbumba yanga, umboni udagwira ntchito yake, koma banja likuthabe. Ndidawayang'ana alongo anga, amene adandilera ndi tomato wa m'madzi omwe adawadwalitsa, ndipo ndidaona kuti akudikira ngati inenso ndiwamva kapena ayi. Ndidati, "Mwamva nokha. Madzi akatayika saoleka. Asudzuleni."

AChisale adapereka chisudzulo, chizindikiro choti banja latha, monga mwa mwambo, n'kulowa m'nyumba kukatenga zawo. Mkamwini satenga zambiri: khasu, nkhwangwa, bulangete ndi buku la nyimbo. Nyumba imene adamanga okha, chigafa, mitengo ya mango imene adadzala, zonse zidatsala. Akumangirira katundu panjinga, alongo anga adatuluka m'khitchini ndi kamba wa paulendo, mtedza wokazinga ndi mbatata zophika atazimanga m'kansalu. Adagwada monga ankachitira masiku onse, n'kupereka ndi manja awiri.

"Muyende bwino, bambo a Esinati. Konse kumene mudakanena zija, mupitenso mukanene izi."

Ndipo adapitadi, ana inu. Lamlungu lotsatira adaimirira m'tchalitchi pamaso pa mpingo wonse n'kunena. Adakanena kumtsinje kwa amayi ochapa, adakanena kuzigafa, adanena kwawo kuno ku Mitundu, ankauza ngakhale alendo okwera nawo minibasi amene sankawadziwa n'komwe alongo anga. Sadakwatirenso. Adanena nkhaniyi mpaka adamwalira, koma pakhomo paja sadagoneponso.